Tifunseni: Kampani yawina mphotho, ndiye tiilipire itiyendetse mu Blantyre?

Zikomo amalume. Ine ndimakhala ku Chilomoni ndipo mu December muno achimwene anga akubwera kuchokera ku Johannesburg ndi ana awo atatu, anawo anabadwira konko moti kuno sanapondeko. Andiuza kuti ndipeze anthu oti adzatiyendetse mutawuni tsiku limodzi anawo adzaone kwawo. Ndiye ndapeza kampani ina pa Facebook yomwe ikuti inawina mphotho ya Tripadvisor, chithunzi cha setifiketi achimata paliponse, koma mtengo wawo ndi wokwererapo kuposa ena awiri omwe ndawafunsa. Kodi mphotho imeneyi ndi yeniyeni kapena amangogula? Komanso kunena zoona ine ndakhala mu Blantyre muno zaka zambiri koma sindikuona kuti muli chani choti munthu mpaka alipire kuti amuonetse, ife timangodziwa kumsika ndi ku Wenela basi.
Mayi wa ku Chilomoni

Achemwali, zikomo polemba. Tiyambe ndi mphothoyo. Ya Tripadvisor ija, tsamba la pa intaneti pomwe apaulendo amalembapo ndemanga, imatchedwa Travellers' Choice ndipo siigulitsidwa pa kauntala ayi, imachokera pa ndemanga ndi nyenyezi zomwe makasitomala alemba pa intaneti m'miyezi 12, ndiye amene asangalatsa anthu kwambiri, pafupifupi mmodzi pa khumi aliwonse, ndi omwe amapatsidwa. Palinso ina ya World Travel Awards yomwe inayamba mu 1993, iyoyo imayendera mavoti, ndi ija mumaona makampani akupempha kuti tivotereni tivotereni. Ndiye inuyo musakhulupirire chithunzi cha pa Facebook chokha, lowani pa Tripadvisor pomwepo mulembe dzina la kampaniyo muone ngati chizindikirocho chilipodi komanso ndi cha chaka chanji, chifukwa ena amagwiritsabe ntchito setifiketi yakalekale pomwe anyamata omwe anaibweretsa anachoka kale pa kampanipo. Muwerengenso ndemanga za anthu odandaula osati oyamikira okha.

Koma apa ndipamene ndikufuna mundimvetse bwino. Ambiri omwe amalemba ndemangazo ndi alendo akunja, azungu obwera kudzaona nyanja ndi nyama ku Majete kapena ku Liwonde, ndiye mphothoyo ikukuuzani kuti galimoto imafika pa nthawi yake, ndi yaukhondo, mnyamata amalankhula Chingerezi chomveka, zonsezo ndi zabwino ndithu koma ana a achimwene anuwo sali ngati alendo amenewo, akubwera kwawo, ndiye chomwe chikufunika kwambiri ndi munthu amene adzatsike nanu mgalimotomo n'kumakufotokozerani. Muwaimbire foni muwafunse kuti adzatiyendetsa ndani, ndipo ngati nkotheka mulankhule naye iyeyo. Mufunseni kafunso kamodzi kokha, koti kodi malo omwe anamangapo mishoni ya Blantyre anali a mfumu iti. Akakuyankhani kuti Kapeni osachita kukanda mmutu, ameneyo mutengeni.

Tsono zoti mutawuni mulibe choona, ayi achemwali pamenepo ndakukanirani. Yambirani pa HHI (Henry Henderson Institute), pa mishoni ya Blantyre, mmamawa dzuwa lisanakwere. Mishoni imene ija inayamba mu 1876 ndi a Church of Scotland, dzina loti Blantyre anatengera kwawo kwa David Livingstone ku Scotland, ndipo malowo anawasankha ndi Henry Henderson akutsogozedwa ndi Tom Bokwito, munthu wakuda yemwe ambiri samutchula nkomwe. Tchalitchi cha St Michael and All Angels chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891, amene anachikonza ndi m'busa David Clement Scott yemwe sanaphunzireko za zomangamanga, ndipo njerwa zake anaumba ndi kuotcha ndi anthu akuno omwewa, azigogo athu. Ife timangodutsa pa minibasi koma mukaima pafupi n'kuyang'anitsitsa njerwazo muona kuti ndi za maonekedwe osiyanasiyana, zina zokhota zina zosongoka, chilichonse ndi manja. Wokuyendetsaniyo awauze anawo zimenezo, agwire khomalo ndi dzanja lawo.

Mukachoka apo pitani ku Mandala House, nyumba yosanja ya mu 1882, yakale kuposa zonse zomwe zidakaima mdziko muno. Inali likulu la African Lakes Corporation ya abale awiri John ndi Frederick Moir, ndipo dzina loti Mandala linabwera chifukwa cha magalasi omwe John amavala, anthu akuno ndi omwe anamutcha choncho mpaka dera lonse linatengera pomwepo. Pamwamba pali laibulale ya Society of Malawi yodzadza ndi mabuku ndi zithunzi zakale. Koma wokuyendetsani wabwino sangoimira pa nkhani ya magalasiyo, akuuzaninso kuti mu January 1915 anthu a John Chilembwe anabwera usiku ku Mandala komweko kudzathyola mosungira mfuti, ndiye mwana akatulutsa ndalama ya K2000 n'kuona nkhope ya Chilembwe pomwepo adzagwirizanitsa zinthu yekha. Ine izi ndi zomwe zimandipweteka mtima, kuti nthawi zambiri mbiri ya tawuni yathuyi imanenedwa ngati ya amishonale ndi amalonda okha.

Masana kalowenitu ku myuziyamu ya ku Chichiri yomwe inatsegulidwa mu 1966, panja pali mutu wa sitima yakale yoyendera nthunzi womwe ana amaukonda kwambiri, kenako mudutse pa Independence Arch ndi Kamuzu Stadium mpaka ku Limbe, yomwe inali tawuni payokha ya njanji isanaphatikizidwe ndi Blantyre mu 1956. Kumsika komwe mukukupeputsako musakusiye, anawo akadye chimanga chootcha ndi mango a December. Ngati nthawi ilipo Michiru ili kuseri kwanu komweko ku Chilomoni, kungoti ndi nyengo ya mvula ndiye mufunsiretu za msewu.

Pa nkhani ya mtengo muwauze akulembereni pa WhatsApp kuti ndalamayo ikuphatikiza chani, mafuta, zolipira pakhomo, chakudya chamasana, maola angati, ndipo mufunse ngati pali mtengo wa a Malawi poti malo ambiri amasiyanitsa. Muonenso chiphaso chawo cha boma chochitira bizinezi ya zokopa alendo. Musapereke ndalama yonse tsikulo lisanafike. Ngati a mphothowo ayankha bwino zonsezi ndiye kuonjezera pang'ono sikulakwa, koma akamazungulira ndipo mmodzi wa awiri enawo akulongosola zomveka, tengani ameneyo.

*

Amalume, ine ndi mnyamata wa ku Zomba, ndimaperekeza alendo kuphiri ndipo ndi anzanga awiri tayambitsa kakampani kathu. Nafenso tingatani kuti tidzawine mphotho ngati zomwe timaziona kwa anzathu akuluakuluwa?
Mnyamata wa ku Zomba

Mphwanga, mwachita bwino kuyamba. Lembetsani kampaniyo kuboma kaye, kenako muiike pa Tripadvisor poti kulembetsa kwake ndi kwaulere, ndipo mlendo aliyense amene mwatsika naye kuphiri ali wosangalala mumupemphe mwaulemu alembe ndemanga tsiku lomwelo asanaiwale. Musayerekeze kulemba nokha kapena kutuma abale, amazindikira ndipo akhoza kukuchotserani zonse. Chinanso, musamathere kuphiri kokha. Inde Chingwe's Hole, Williams Falls ndi Emperor's View pomwe Haile Selassie anaima mu 1965 ndi zomwe alendo amafunsa, koma Zomba inali likulu la dziko lino mpaka 1975, muli nyumba yakale ya malamulo, chikumbutso cha asilikali a KAR (King's African Rifles, a nthawi ya atsamunda), Botanical Gardens ndi msika uja, ndiye konzani ulendo wapansi wa maola awiri mutawunimo wa anthu omwe sangakwanitse kukwera phiri, ngati azigogo ndi ana a sukulu. Pitani ku National Archives konko ku Zomba mukawerenge, muchezenso ndi akuluakulu omwe anagwira ntchito m'boma nthawi imeneyo akadali moyo.