Yankho kwa msuweni: makatuni aja ndi nkhuku ya malume

Eee msuweni, ndamva uthenga wako uja. Dikira kaye ndichoke pamsewu, kuno ku Brussels phokoso silitha... eya. Ukuti, "kodi maphunziro akowo a mawu ndi zithunzi n'chiyani kwenikweni, si makatuni a ana amenewo?" Hahaha, iwe ndimakudziwa. Funso limeneli si lako ayi. Akutuma azakhali ako, eti? Mayi sangandifunse okha, chichokereni nkhani ya pamaliro ija... aaa, tisiye zimenezo. Chimene akufuna kumva n'choti mwana uyu akabwerako adzadya chiyani.

Makatuniwo alipodi, sindikana. Koma kuno sawatenga ngati za ana. Amawatcha bande dessinée, ndipo muno mumzinda muli nyumba yonse yosungiramo zimenezi, inatsegulidwa mu 1989. Ku France, ku Angoulême, kumakhala chikondwerero chake chimene chinayamba mu 1974, madoda a imvi kuima pamzere kudikira kuti wojambula awasayinire buku. Tsono ife timayang'ana kuti mawu ndi chithunzi zikakhala patsamba limodzi... iyayi, dikira, ndikatero ugona. Ukukumbuka nkhuku ya malume?

Malume anga, bambo ako aang'ono aja, a penti. Nthawi ija ankalemba zikwangwani pa msika, asanayambe za fodya zija. Iwe unali wamng'ono, unkangolira mamina ali chuchuchu. Panabwera mayi wina wa lesitilanti, akufuna chikwangwani cha nsima ya nkhuku. Malume anatenga bulashi, tsiku lonse ali pamakwerero, osalola munthu kuyandikira, ati luso silifuna maso ambiri. Atachotsa chiguduli chimene anaphimbira, anthu anangoti kukamwa yasa. Chinali bakha, msuweni. Mlomo wophwatalala, khosi lalitali. Agogo anati ayi, ndi nkhanga yodwala. Mayi uja anakana kulipira, ati konzani. Malume, ukuwadziwa, kuvomera kuti alakwitsa? Anakweranso pamakwerero, chithunzi osachikhudza n'komwe, anangolemba pansi pake ndi penti yofiira, zilembo zikuluzikulu: IYI NDI NKHUKU. Anatsika, n'kutambasula dzanja. Ati, "Mayi, werengani."

Ndipo analipidwa! Ayi, theka, analipidwa theka, theka linalo anadyera nsima mwezi wonse, mpaka akazi awo anayamba kufunsa kuti kulesitilanti kumeneko kuli chiyani. Hahaha, iwe usakawauze kuti ndanena. Koma chimene chinkandiseketsa n'choti odziwa kuwerenga ankalowa n'kuitanitsa nkhuku bwinobwino, ena mpaka kunena kuti ndi nkhuku yachizungu, n'chifukwa chake ikuoneka choncho. Osadziwa kuwerenga ankalowa n'kufunsa mtengo wa bakha. Chikwangwani chimodzi chomwecho.

Ndiye sabata yoyamba m'kalasi, aphunzitsi akutionetsa chithunzi cha René Magritte, wa konkuno ku Belgium, cha mu 1929. Anajambula kaliwo wosutira fodya, wooneka bwino, n'kulemba pansi m'Chifalansa kuti uyu si kaliwo. Anzanga onse akugwedeza mitu mwaulemu, ine ndikudziluma mlomo kuti ndisaseke, chifukwa ndikuona malume ali pamakwerero. Kenako tinawerenga Roland Barthes, wolemba wa ku France, amene mu 1964 anatenga chithunzi chotsatsa supageti ndi zakudya zina za kampani ya Panzani n'kuonetsa kuti chithunzi chikhoza kutanthauza zinthu zambiri, koma mawu olembedwa pambali ndi amene amachimangirira pa tanthauzo limodzi.

Amene ndamukonda kwambiri ine ndi Chéri Samba wa ku Kinshasa. Iyenso anayamba ngati malume, kulemba zikwangwani. Iye amalemba mawu a Chifalansa ndi Chilingala m'kati mwa zojambula zake momwemo, ndiye munthu sungangoyang'ana n'kudutsa, umaima kuti uwerenge. Lero zithunzi zake zili m'nyumba zikuluzikulu zoonetsera zaluso ku Ulaya. Malume akanabadwira ku Kinshasa... ayi, bakha uja akanawatsatirabe.

Zina si zoseketsa. Pali buku la makatuni la Hergé, wojambula wa konkuno, la Tintin ali ku Congo, linayamba kutuluka mu 1930, dzikolo likulamulidwa ndi Belgium. Anthu akuda anawajambula milomo ikuluikulu, ndiyeno m'kamwa mwawo anawaikamo Chifalansa chothyokathyoka ngati cha mwana. Chithunzi chikunyoza, mawu akubwera kudzachitira umboni. Ana ambirimbiri anakula akuwerenga zimenezo, ndipo mpaka mu 2012 nkhani ya bukuli inali kukhoti konkuno, khoti linakana kuliletsa. Pepala langa ndikulemba pa zimenezi, kuyerekeza ndi mmene ojambula a ku Congo ndi ku Côte d'Ivoire amadzijambulira okha ndi kudziyankhulitsa okha.

Tsono chimene ndikuphunzira ndi ichi, msuweni: amene walemba mawu pansi pa chithunzi ndi amene amauza diso choti lione. Ndipo imeneyo ndi ntchito, anthu amalipidwa. Mabuku a sukulu, mapositala a kuchipatala, zotsatsa malonda, zonsezo pamafunika munthu wodziwa ngati chithunzi ndi mawu zikukokera kumodzi, ndiponso woganizira agogo amene aona chithunzi chokha n'kupita kukamwa mankhwala molakwika. Ngakhale zithunzi zimene umatitumizira m'gulu muno usiku zija, za ngozi yoti yachitika dzulo pamene chithunzicho n'cha dziko lina... eya iwe, usabisale. Chithunzi n'choona, mawu apansiwo ndi amene anama, ndipo iwe wakhulupirira mawuwo.

Ndiye ukawauze azakhali ako chonchi: mwana wanu akuphunzira ntchito ya alongo anu, kungoti iye akufuna kudziwa chifukwa chake anthu anadya nkhuku pansi pa bakha. Mawu ndi amene amayendetsa chithunzi, basi, ukangonena choncho amva. Za ndalama ndiwaimbira ndekha Lamlungu akaweruka ku tchalitchi, iwe usalowererepo. Ndipo ufunse bambo ako aang'ono ngati chikwangwani chija chikadalipo kuseri kwa nkhokwe, undijambulire, ndikufuna ndikawaonetse aphunzitsi. Basi yanga yafika, tiyankhulana.