Setilaiti ili mumlengalenga, nanga ikuyeza mlengalenga uti?

Aphunzitsi ena a sayansi andilembera motere: "Ndinalemba pa bolodi kuti setilaiti yazanyengo imakhala mumlengalenga ndipo imayeza mlengalenga. Mwana wina anakweza mkono n'kufunsa ngati imayeza malo omwe yakhalawo. Ndinasowa chomuyankha. Kodi ndinalakwitsa Chichewa?"

Chichewa simunalakwitse, aphunzitsi, koma mwanayo wagwira pamene pavuta. Liwu loti mlengalenga timalisenzetsa katundu muwiri. Mbalame, ndege ndi mitambo timati zili mumlengalenga. Mwezi ndi nyenyezi timatinso zili mumlengalenga. Kwa munthu woima pansi n'kukweza maso, zonsezi zili kumodzi, choncho chiyankhulo sichinaone chifukwa chozilekanitsira. Asayansi azanyengo ntchito yawo yagona pa kusiyana komweku.

Dziko lakutidwa ndi mpweya, ndipo mpweyawo umapyapyala munthu akamakwera. Mitambo, mphepo, mvula ndi ziphaliwali zimachitika m'gawo la pansi penipeni, lomwe limakwera makilomita pafupifupi 8 kumapeto a dziko kozizira kuja, ndi makilomita 16 kapena kupitirirapo cha ku ikweta, mzere wongoganizira wozungulira dziko pakati penipeni. Tsono taonani kumene kuli masetilaiti. Ena amazungulira dziko pamtunda wa makilomita pafupifupi 800, kudutsa kumapeto a kumpoto ndi kummwera, ndipo ulendo umodzi umawatengera mphindi pafupifupi 100. Ena ali kutali zedi, makilomita 35,786 pamwamba pa ikweta. Kumeneko kulibe mtambo ngakhale mphepo. Setilaiti ili kunja, ikuyang'ana pansi pa chofunda cha mpweya chomwe ife tikhalamo.

Ine ndikadakhala inu ndikadagawa ntchito kwa mawu awiri omwe tili nawo kale. Kumene kuli nyenyezi ndi masetilaiti nenani kuti kuthambo. Kumene kuli mphepo ndi mitambo nenani kuti mpweya wokuta dziko, kapena mlengalenga mukatha kufotokoza kuti mukunena za mpweyawo. Pa bolodi pajapo mulembe kuti, "Setilaiti ili kuthambo, imayeza mpweya wokuta dziko kuchokera kumeneko." Mukatero funso la mwana uja layankhidwa m'chiganizo momwemo.

Pamenepa ndiwonjezere chomwe simunafunse. Masetilaiti a kutali aja ambiri amawatchula kuti "oima malo amodzi". Sindiwakonda mawuwa, chifukwa chinthucho chikuthamanga ndithu, kungoti chimamaliza ulendo wake pa nthawi yomweyo imene dziko limatenga kuti lizungulire kamodzi. N'chifukwa chake woiyang'ana ali pansi amaiona pamalo omwewo usana ndi usiku. Kunena kuti "yoyendera limodzi ndi dziko" n'kotalikirako, koma ndi zoona. Meteosat ya EUMETSAT, bungwe la mayiko a ku Ulaya loyendetsa masetilaiti azanyengo lomwe likulu lake lili ku Darmstadt m'dziko la Germany, GOES ya ku America ndi Himawari ya ku Japan ndi za mtundu umenewu.

Mayi wina amene amamasulira nkhani zazanyengo pa wailesi afunsa kuti: "Kodi ndiziti setilaiti yaona, yajambula, kapena yayeza? Dzulo ndinanena kuti setilaiti yaona mvula, mnzanga n'kundiuza kuti sizitheka."

Mayi, mnzanuyo mumumvere. Mawu atatuwa aliyense ali ndi malo ake, ndipo kusankha kumadalira chida chomwe chagwira ntchito. Setilaiti yoyamba yazanyengo yomwe inagwira bwino ntchito, TIROS-1, imene bungwe la ku America loona za kuthambo la NASA linatumiza kuthambo pa 1 Epulo 1960, inanyamula makamera a kanema ndipo inkatumiza zithunzi za mitambo. Apo liwu loti kujambula likukwanira. Mpaka lero masana masetilaiti amajambula mitambo ndi kuwala kwa dzuwa kumene kwaiwalira.

Nanga usiku, dzuwa kulibe? Chinthu chilichonse, kaya nthaka, nyanja kapena mtambo, chimatulutsa mtundu wa kuwala kumene diso la munthu silikuona, kotchedwa infrared, ndipo chotentha chimatulutsa kochuluka kuposa chozizira. Chida cha pa setilaiti chimalandira kuwala kumeneku n'kukusandutsa manambala. Apa liwu loyenera ndi kuyeza. Chithunzi chomwe mumachiona pa kanema, chokhala ndi madontho oyera mbee pamwamba pa nyanja yakuda bii, chapangidwa kuchokera ku manambalawo. Poyera kwambiri paja ndi pamene nsonga ya mtambo yazizira kwambiri, ndipo mtambo wozizira nsonga chotero ndi wautali, wokwera m'mwamba zedi, mtundu womwe umabweretsa mabingu ndi mvula yamphamvu. Choncho chomwe chayezedwa pa chithunzi chotere ndi kuzizira kwa nsonga ya mtambo. Zoti pansi pake pakugwa mvula amachita kuziwerengera akatswiri, ndipo nthawi zina mtambo wopyapyala wa m'mwamba umazizira chimodzimodzi koma osagwetsa ndi dontho lomwe.

Pa wailesi nenani kuti, "Zithunzi za setilaiti zikusonyeza mitambo ikuluikulu yomwe ingabweretse mvula." Liwu loti ingabweretse musalisiye. Munthu amene akumvetsera amakonza ulendo kapena ntchito yake malinga ndi zomwe mwanena, ndipo mukamuuza kuti mvula yaonedwa, iye amva kuti ikugwa kale.

M'kalata yomweyo munafunsanso za madzi a mumpweya, ngati muziti nthunzi kapena chinyezi. Nthunzi aliyense amaidziwa ngati utsi woyera wotuluka m'madzi owira, wooneka ndi maso. Koma madzi omwe masetilaiti amayeza mumpweya saoneka. Kunja kumatha kukhala kowala bwinobwino mpweya uli wodzaza nawo. Chinyezi nacho ambiri akachimva amaganiza za dothi lonyowa kapena khoma lonyowa. Mukangoti nthunzi, womvera aganiza za chifunga. Mukangoti chinyezi, ayang'ana pansi. Ndikupemphani muziti chinyezi cha mumpweya, mawu onse atatu pamodzi, makamaka koyambirira kwa nkhani. Mukabwereza kachiwiri mutha kufupikitsa.

Funso lotsiriza lachokera kwa wophunzira wina: kodi tiziti setilaiti imeneyi kapena setilaiti ameneyu? Ndamvapo zonse ziwiri, koma mawu obwereka otchula zida ambiri amatsata njira ya galimoto ndi kompyuta: galimoto imeneyi, magalimoto amenewa; kompyuta yanga, makompyuta anga. Choncho lembani setilaiti imeneyi, masetilaiti amenewa. Chomwe ndikukanizani n'kusakaniza m'ndime imodzi, kuyamba ndi "setilaiti inatumizidwa" n'kutsiriza ndi "anajambula". Mayina ake enieni, monga Meteosat, yomwe yoyamba yake inatumizidwa mu 1977, alembeni mmene eni ake amawalembera, ndipo mgwirizano wa mawu utsate liwu loti setilaiti: Meteosat imatumiza, Meteosat yajambula.