Khoswe akulira m'chifuwa, timupatse makapisozi?

Imelo iyi inandipeza Lachiwiri madzulo ndili mu teksi yochokera ku Bree kuno ku Joni, ndinaiwerenga katatu mpaka kupitirira pomwe ndimatsikira. Achimwene ena a ku Cosmo City akuti mwana wawo wamkazi akuweta makoswe awiri, mmodzi wayamba kuyetsemula, pamphuno pali zofiira ngati magazi, ndipo akamapuma m'chifuwa mukumveka kaphokoso. Ku shopu komwe anagula awauza kuti ndi chimfine chitha chokha, mnzawo wawapatsa makapisozi a amoxicillin otsala. Ndiye akufunsa, adikire kapena ampatse makapisoziwo, chifukwa kunyamula khoswe kupita naye kwa veti anthu aziti apenga.

Achimwene, mawu omalizawo ndi amene andilasa. Ine manyazi omwewo anandiphera khoswe wanga Bonya.

Ndisanamizire ngati ndinabadwa wokonda makoswe ayi. Kwathu ku Dedza khoswe ndi mdani, amaboola matumba a chimanga, timamutchera msampha kapena temeki basi nkhani yatha. Mbewa ndiye ndiwo, zija anyamata amaimika pa timitengo m'mbali mwa M1, koma khoswe ngakhale wanjala sakhudza. Ndiye tsiku lomwe madamu omwe ndinkawagwirira ntchito ku Randburg anandiuza kuti akusamukira kunja ndipo mwana wawo akulira kuti makoswe ake awasiyira ndani, ndinaseka mpaka misozi. Koma mwana wanga anali atawazolowera kale, Loweruka lililonse ndikapita naye amakhala nawo paphewa, ndinangovomera. Tinabwera nawo ku Rosettenville ndi kheji yawo yonse, tinawasintha maina, wina Bonya chifukwa anali kakang'ono, wina Chigumu chifukwa cha mtundu wake. Alamu anga atawaona anati mlamu, anzanu akunenepetsa nkhuku inu mukunenepetsa khoswe? Nkhani inafika mpaka kumudzi pa WhatsApp, mayi anga kufunsa ngati ku Joni ndikupemphera ndithu.

Mukudziwa kuzizira kwa kuno June ndi July, kouma kuja kosweka milomo. Chipinda chathu chinali cha kuseri, windo limodzi, tinkatseka paliponse n'kuyatsa hita ya parafini makamaka magetsi akathima. Zoyala m'kheji zomwe anatisiyira zitatha ndinaona mtengo wake ku shopu ndinati aaa zamisala izi, ndinakatenga utuchi wa paini kwa kalipentala wina wakwathu, waulere, thumba lodzadza. Kunanunkhira bwino ndithu. Patapita masabata awiri Bonya anayamba kuyetsemula. Ndinati fumbi. Kenako usiku kukakhala zii ndinkamumva akuti kho kho kho chapansipansi, penapake ngati nkhunda. Mwana anandiuza kuti mami Bonya akudwala tipite naye kwa dokotala, ine ndinayankha kuti ndikwere teksi ndi khoswe m'katoni, anthu a m'teksi akandifunsa ndiziti chani? Ndinadikira masabata atatu. Atatu! Ubweya unanyankhalala, msana n'kuyamba kumveka mafupa ukamugwira, chakudya amangotenga n'kusiya.

Pomwe ndinkalimba mtima ndinapita kwa veti wapafupi, wa agalu ndi amphaka. Sinditchula dzina. Anamuyang'ana chapatali ali m'katoni, sikelo osamuikapo, anabaya jakisoni n'kundipatsa mankhwala a masiku asanu. Bonya anachitako bwino sabata imodzi, kenako zinabwerera moposa pakale. Usiku wina ndinamupeza watsamira pakona khosi atalitambasula, akupuma atayasamula kukamwa, nthiti zikungoti phaphapha. Sindinkadziwa kuti khoswe amapumira m'mphuno basi, ukamuona wayasamula ndiye kuti mpweya wamuthera. Anafera m'thaulo m'manja mwa mwana wanga kusanache. Sabata yonse mwanayo sanandilankhule bwinobwino, ndipo sindinamudzudzule.

Chigumu atayambanso ndinafunsafunsa mpaka ndinapeza veti woona tinyama ting'onoting'ono, omwe kuno amawalemba kuti exotics. Kusiyana kwake! Anamuika pa kasikelo konga ka kukhitchini, anamumvetsera mbali zonse ziwiri, kenako anayamba kufunsa ine, mumayala chani, kheji mumatsuka kangati, m'nyumba mumawotha chani. Ndinkangoyankha ndikuyang'ana pansi. Ndi amene anandiuza za kachilombo kotchedwa Mycoplasma pulmonis. Pafupifupi makoswe onse oweta ali nako, amatengera kwa mayi awo ali akhanda, kamangokhala phee m'mphuno ndi m'mapapo mpaka china chake chiwafoole. Fungo la mkodzo wokhalitsa lija lolasa m'mphuno, lomwe ndi ammonia, limawononga njira za mpweya. Mafuta onunkhira a mu utuchi wa paini ndi mkungudza nawonso chimodzimodzi. Onjezani utsi wa parafini, fumbi la mphepo ya August, mawindo otseka. Zonse zomwe ndinkachita ine. Kachilomboka kakayamba, mabakiteriya ena amalowererapo n'kukhala chibayo, ndipo mapapo akachita zipsera sabwereranso mwakale. Sikatheratu m'thupi, mankhwala amangokagonetsa, n'chifukwa chake kuchedwa kumapweteka kwambiri.

Apa ndiye ndipse mtima pang'ono ndi mashopu ena. Munthu wogulitsa amene makoswe omwewo amagulitsanso ngati chakudya cha njoka, angakuuzeni zoona za chifuwa cha khoswe? Iye ndalama analandira kale. Akafa mubweranso kudzagula wina, phindu ndi lake. Komanso ifeyo Amalawi tili ndi kamtima kakuti zitha zokha, tokha timadwala mwezi wathunthu tikumwa Panado ndi mandimu kuopa kujomba kuntchito, ndiye khoswe angatidandaulitse? Ndimamvetsa, ndalama ya kuno imabwera ili ndi eni ake kale, lendi, fizi, feteleza kumudzi. Koma ndinena mosapsatira, kanyamaka kamangokhala ndi moyo zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo pa zaka zimenezo kudwala chifuwa n'kosapeweka kwenikweni. Amene sangathe kusunga kangachepe ka veti asagulire mwana khoswe. Poyamba ndinkati aliyense ndi maganizo ake, pano ayi, ndakana. Osekawo asekeni, amaseka ndi agalu ovala majuzi a ku Sandton omwe. Iwo akamva khoswe amaganiza zimakoswe za m'zinyalala za ku Alex zija, sanaonepo kakubwera kothamanga ukakaitana dzina.

Zofiira zija si magazi

Izi ndi zomwe zimaopsa anthu ambiri. Kuseri kwa diso la khoswe kuli kachiwalo kotulutsa timadzi tofiira totchedwa porphyrin, timatsikira m'mphuno n'kuuma ngati magazi. Pang'ono akangodzuka si nkhani. Koma tikachuluka tsiku ndi tsiku ndiye kuti thupi lili pamavuto. Kuyetsemula masiku oyamba pamalo atsopano kumachitikanso, kukukuta mano akusangalala nakonso n'kwabwinobwino. Chomwe si chabwinobwino ndi phokoso popuma. Mutengeni mumuike pakhutu ngati mukuyankha foni, mbali iyi kenako inayo. Khoswe wathanzi mumangomva mtima kuthamanga, osati kuti kho kho kapena kulira ngati kherere.

Za makapisozi, abwezereni mnzanuyo. Amoxicillin amapha mabakiteriya powononga chikhungwa chawo, pomwe mycoplasma alibe chikhungwa chimenecho, ndiye mukhala mukuponya mwala m'madzi. Veti nthawi zina amaperekadi amoxicillin akaona kuti palowa tizilombo tina, koma amawerengera kulemera kwa khosweyo. Kapisozi wa 500 mg anapangira munthu wamkulu, khoswe wamkazi nthawi zambiri safika ndi theka la kilo lomwe. Chigumu anapatsidwa doxycycline pamodzi ndi enrofloxacin, amene ambiri amamudziwa kuti Baytril, kwa masabata angapo osati masiku asanu, timadontho pa sirinji yopanda singano. Owawa zedi, ndinkasakaniza ndi kayogati pa supuni, tsiku lina anandizindikira n'kukankha supuniyo ndi dzanja ngati munthu. Anakhala chaka china ndi miyezi, anafa ndi ukalamba wake.

Ndiye achimwene, mawa lomwe imbani foni musanakwere teksi, mufunse mwachindunji ngati amaona makoswe kawirikawiri komanso mtengo wongomuona, akayamba kuzengereza imbani kwina. Mukasowa, ku Onderstepoort kumpoto kwa Pretoria, komwe University of Pretoria imaphunzitsira ma veti, kuli chipatala choona mbalame ndi tinyama totere. Pitani nawo onse awiri. Lero chotsani utuchi muyale zamapepala zopanda fumbi, chapani nsanza zogonera, kheji italikirane ndi hita, ndudu ndi zopopera zonunkhiritsa m'nyumba. Mankhwala mumalize ngakhale aoneke kuti wachira. Akayasamula kukamwa popuma, musadikire kucha, fufuzani veti wa usiku.

Katoni muiboole timabowo, muikemo thaulo, palibe wa m'teksi adzadziwe zomwe mwanyamula. Mwanayo mupite naye, ndi amene akudziwa tsiku lomwe kuyetsemulako kunayamba.