Musanakwere helikoputa ku Aberdeen

Inu amene mwangofika kumene ku Scotland ndipo mukulingalira zogwira ntchito pa nsanja zokumbira mafuta m'nyanja ya North Sea, dziwani kuti ulendo wanu wa kuntchito uzidzayambira ku Dyce, pabwalo la ndege la Aberdeen, ndipo malamulo ambiri amene mudzawapeze kumeneko anabwera anthu atafa.

Ntchito yonyamula anthu a mafuta pa helikoputa inayambira ku America, kumene kampani ya Petroleum Helicopters inakhazikitsidwa mu 1949 kuti izinyamula ofufuza mafuta m'madambo a ku Louisiana. Kuno inakula mafuta atapezeka pamalo otchedwa Forties mu 1970, popeza sitima sizikanatha kusinthitsa antchito panthawi yake panyanja yolusa chonchi, ndipo makampani ngati Bristow anachititsa kuti bwalo la Aberdeen likhale limodzi mwa mabwalo a helikoputa otanganidwa kwambiri padziko lonse.

Mu Novembala 1986 helikoputa ya mtundu wa Chinook inagwera m'nyanja pafupi ndi Sumburgh ku Shetland; anthu 45 anafa, awiri okha ndiwo anapulumuka, ndipo mtundu umenewu unasiya kunyamula antchito a mafuta kuno. Mu Epulo 2009 helikoputa ya mtundu wa Super Puma inagwa kufupi ndi Peterhead giyabokosi itaphwanyika, n'kupha anthu onse 16. Ina itagwa ku Sumburgh mu 2013 n'kupha anayi, akuluakulu oona za ndege analamula kuti wokwera aliyense azivala kabotolo ka mpweya wopumira pansi pa madzi, komanso kuti azikhala pafupi ndi zenera limene thupi lake lingathe kutulukirapo. Ndiye akamakuyezani mapewa musaone ngati chipongwe, chifukwa amene mapewa ake apyola masentimita 55.9 amapatsidwa mpando wa pazenera lalikulu. Ngozi ya ku Turøy ku Norway mu 2016, imene inapha anthu 13, ndiyo inathetsa ntchito ya Super Puma kuno, ndipo lero ambiri timakwera Sikorsky S-92, yonyamula anthu 19.

Simungakwere popanda setifiketi ya BOSIET, ya maphunziro a chitetezo ndi kudzipulumutsa pangozi panyanja, yovomerezeka ndi bungwe la OPITO loyang'anira maphunzirowa, imene imatha pa zaka zinayi. Gawo limene limasautsa anthu ndi la m'dziwe: amakumangani lamba m'chinthu chofanana ndi helikoputa, n'kuchimiza ndi kuchitembenuza chadodolido. Dzanja limodzi limakhala pazenera, linalo pachomasulira lamba, ndipo simumasula mpaka chitasiya kuzungulira, apo ayi mumasokonezeka osadziwanso kumene kuli kumwamba. Ambirife amene sitinakulire kunyanja sititha kusambira, ndipo ndaona abale akubisa zimenezi chifukwa cha manyazi. Auzeni aphunzitsi musanalowe m'madzi. Saletsa munthu pachifukwa chimenechi, amangomuyang'anitsitsa kwambiri.

Komabe musathamangire kulipira maphunzirowa musanatsimikize kuti chiphaso chanu chokhalira m'dziko muno chikukulolani ntchito yotereyi, pakuti setifiketi si ntchito, ndipo alipo amene anakongola ndalama n'kukhala nayo m'chikwama mpaka inatha. Pamafunikanso kalata ya dokotala wovomerezeka, imene nthawi zambiri imagwira ntchito zaka ziwiri.

Pomaliza pali chifunga cha kunyanja chimene eni dera amati haar, chomwe chimatha kuimitsa maulendo onse. Tsiku lolembedwa kuti mutsika pa nsanja kubwerera kumtunda silodalirika, choncho tikiti ya ku Lilongwe musaigule ya mawa lake.