Za sukulu za mu mzinda wa Blantyre ndi mphamvu za khonsolo

Mayi, mwafunsa ngati n'zoona kuti sukulu za pulayimale za mu mzinda wa Blantyre zili m'manja mwa khonsolo ya mzindawo, ndiponso ngati mwana wanu, amene mukufuna kumutumiza kwa azakhali ake ku Ndirande, akaphunzira bwino kuposa kuno ku Mangochi popeza khonsolo ya kumeneko imatolera ndalama zambiri. Ndakhalapo mu komiti ya sukulu kwa zaka zingapo, choncho ndiloleni ndikuyankheni motalikirapo.

Tikatsata malamulo, zimene munamvazo n'zoona. Ndondomeko ya mphamvu ku anthu pamodzi ndi lamulo la maboma ang'onoang'ono, zonse za mu 1998, zinapereka maphunziro a pulayimale ku makhonsolo. Koma kumbukirani kuti makhansala amene anasankhidwa mu 2000 nthawi yawo inatha mu 2005, ndipo dziko linakhala lopanda makhansala mpaka chisankho cha patatu cha mu 2014. Pa zaka zonsezo ntchito inazolowera kuyendera m'maofesi a akuluakulu a boma, moti ngakhale lero amene amadziwa za aphunzitsi, mabuku ndi makalasi ndi ofesi ya maphunziro pa boma ndi alangizi a maphunziro a m'mazoni, amene timawatchula kuti a PEA, osati khansala wa dera lanu.

Pa nkhani ya ndalama ndi pamene ambiri timasokonezeka. Ndalama zimene khonsolo ya mzinda imatolera kwa eni nyumba, m'misika ndi pa ziphaso za malonda zimathera kwambiri pa misewu, kuchotsa zinyalala, misika ndi malipiro a antchito ake. Zoyendetsera sukulu zimachokera ku likulu la boma zitalembedwa kale ntchito yake, ndipo thandizo la ndalama zotukulira sukulu, lotchedwa SIG, limene limalowa mu akaunti ya sukulu ndi la dziko lonse, kaya sukuluyo ili ku Chilomoni mu Blantyre kaya ku Makanjira kuno ku Mangochi. Silabasi imakonzedwa ndi bungwe la Malawi Institute of Education ku Domasi, mayeso a Sitandade 8 ndi a bungwe loona za mayeso la MANEB, ndipo sukulu za sekondale zikadali pansi pa unduna wa zamaphunziro kudzera m'zigawo zake. Ifeyo chigawo chathu likulu lake lili ku Zomba. Ndiye kulemera kwa khonsolo sikufika m'kalasi mmene mukuganiziramo.

Kumene mzinda umatiposadi ndi pa aphunzitsi. Aphunzitsi ambiri amafuna kukhala kumene kuli magetsi, madzi a m'mipope ndi chipatala pafupi, ndipo ena amasamukira kumeneko potsatira banja, pamene kuno mphunzitsi akatumizidwa kusukulu yopanda nyumba, yakutali ndi msewu, amayamba kufunafuna njira yochokerako chaka chisanathe. Sindiwaimba mlandu, chifukwa ndinaonapo mphunzitsi akugona mu ofesi ya sukulu teremu yathunthu.

Koma mzinda uli ndi vuto lake, lomwe ndi malo. Maphunziro aulere atayamba mu 1994, ana a m'sukulu za pulayimale anachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, ndipo m'makomboni odzaza monga Ndirande ndi Bangwe mulibe bwalo lotsala loti n'kumangapo makalasi ena. N'chifukwa chake sukulu zina zimaphunzitsa mosinthana, ena m'mawa ena masana, ndipo mwana amatha kukhala pansi m'kalasi yothinana momwe mphunzitsi sangathe n'komwe kuyenda pakati pa ana. Kuno mfumu ikhoza kupereka malo, makolo n'kuumba njerwa ndi kututa mchenga. Mumzinda anthu ambiri ndi alendi, mawa asamuka, ndipo kuwaitanira ku chitukuko cha sukulu n'kovuta. Apatu ndi pamene khonsolo ya mzinda ili ndi udindo weniweni, chifukwa mapulani a malo ndi zilolezo zomangira zili m'manja mwake, ndipo malo a sukulu akalowereredwa ndi nyumba kapena maokala, woyenera kufunsidwa ndi khonsoloyo.

Musadabwenso kuti sukulu zathu n'zodzaza chimodzimodzi. Kalembera wa 2018 anapeza kuti boma la Mangochi lili ndi anthu oposa 1.1 miliyoni, pamene mzinda wa Blantyre unali ndi anthu pafupifupi 800,000.

Maganizo anga ndi akuti musamusamutse mwanayo chifukwa cha dzina la mzinda. Apempheni azakhali akewo apite okha kusukulu imene mukuifunayo tsiku la maphunziro, akaone chiwerengero cha ana m'kalasi yake, akafunse ngati amalowa m'mawa kapena masana, ndiponso ndi ana angati amene anasankhidwa kupita ku sekondale chaka chatha. Mukakhutira, katengeni kalata ya transifa kwa mphunzitsi wamkulu wa kuno teremu isanayambe, ndipo muonetsetse kuti nambala imene mwanayo amadziwika nayo m'kaundula wa sukulu yalembedwapo molondola, makamaka ngati ali pafupi kulemba mayeso a Sitandade 8.