Mafunso pa Chichewa: "wosewera" uja ndi "mkazi wake wachiwiri"

Aphunzitsi ena a ku sekondale atilembera chonchi: "Ana a kalabu ya zisudzo ndidawapatsa ntchito yolemba mbiri za anthu azisudzo akunja. Mmodzi walemba kuti, 'Karl von Holtei anali wosewera wa ku Germany wa m'zaka za zana la 19, ndipo mkazi wake wachiwiri anafera ku Riga.' Galamala yake ndikuiona ili bwino, koma m'khutu chiganizochi sichikundikhala. Chalakwika n'chiyani? Nanga tizilemba 'anali' kapena 'adali'?"

Aphunzitsi, khutu lanulo silikukunamizani. Mwanayo sadaname paliponse, koma mawu amene wasankha akupereka munthu wina, osati Holtei.

Tiyambe ndi "wosewera". Kawerengereni anthu amene akhala pa bawo chiganizochi, mumva wina akufunsa kuti, "Ankasewera timu yanji?" Inde, timati "sewero", koma "wosewera" likaima palokha mpira udalilanda kalekale. Munthu wa pa siteji ndi wochita zisudzo, kapena mwachidule wazisudzo. Holtei adayamba ntchitoyi mu 1819 kwawo ku Breslau, m'sewero la mlembi wa Chijeremani Friedrich Schiller lotchedwa Maria Stuart. Komanso ankalemba yekha masewero, monga Die Wiener in Berlin ndi Lenore, choncho tionjezere kuti mlembi wa masewero. Apa Chichewa chili ndi kachizolowezi kake: luso lonse timati zisudzo, koma chimodzi cholembedwa pa pepala ambiri timati sewero. Pali ntchito ina imene idamutchukitsa kwambiri: ankayenda m'mizinda n'kumawerengera anthu masewero a Shakespeare, iye yekha, mawu a anthu onse a m'sewerolo akutuluka pakamwa pamodzi. Ana anu asalembe kuti "ankalakatula". Kulakatula tikusungire ndakatulo zake zija za mu 1830, zimene adalemba m'kayankhulidwe ka kwawo ku Silesia, chigawo chimene muli mzinda wa Breslau, osati m'Chijeremani cha m'mabuku.

"Zana la 19" lichoke. Amene amalimva ndi yekhayo amene akulimasulira mumtima kubwerera ku Chingerezi, ndipo enawo aganiza za 1900 n'kuphonya ndi zaka 100 zathunthu. Timati "zaka za m'ma 1800". Holtei adabadwa mu 1798, adamwalira mu 1880.

"Wa ku Germany" nayenso ali ndi kaminga kake. Pamene Holtei ankabadwa, Breslau udali mzinda wa ufumu wa Prussia. Dziko limodzi la Germany lidakhazikitsidwa mu 1871, iye ali nkhalamba ya zaka 73. Lero mukaufuna mzindawo pa mapu a Germany simuupeza: nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha mu 1945 udapita ku Poland, ndipo dzina lake ndi Wrocław. Mawu oti "Mjeremani" amatipulumutsa, chifukwa amanena za mtundu ndi chiyankhulo, osati malire.

Tsopano pamene pagona nkhani: "mkazi wake wachiwiri". Awerengereni agogo pakhonde, adzakufunsani kuti, "Nanga mkazi wamkulu adali kuti pa malirowo?" Kwa ife, tikangoti wachiwiri popanda kunena za woyamba, maganizo amathamangira ku mitala. Holtei sadali wa mitala. Mu 1821 adakwatira Luise Rogée, wazisudzo mnzake, amene adamwalira ku Berlin mu 1825. Patatha zaka zisanu adakwatiranso Julie Holzbecher, nayenso wazisudzo. Uyu ndiye adamwalira mu 1839 ku Riga (mzinda umene lero ndi likulu la dziko la Latvia), kumene Holtei ankayang'anira nyumba ya zisudzo kuyambira 1837, wopeka nyimbo wotchuka Richard Wagner ali wotsogolera nyimbo pansi pake. Taonani kamphatikiri kakang'ono "-nso" mu "adakwatiranso": kakatsagana ndi "atamwalira", mitala yonse yatha. Muwakumbutsenso ana kuti Holtei adakwatira, Julie adakwatiwa. Ndaonapo olemba akuluakulu akusokoneza ziwirizi pomasulira, poti Chingerezi chili ndi mneni mmodzi wa onse awiri.

"Anafera" si Chichewa cholakwika. Timati msilikali adafera ku nkhondo. Koma mayi amene watsikira kuli chete ali kunyumba, pakamwa pathu pamafewa, timati adamwalira. Musafike pa "adatisiya", chifukwa sadasiye ife. Mawu amenewo ndi a anamalira ndi achibale. "Malemu" nawonso samuyenera munthu amene adamwalira zaka zoposa 140 zapitazo, ngakhalenso "a" waulemu uja: m'mabuku a mbiri timalemba kuti John Chilembwe adabadwa, ndipo palibe amene amati tamunyoza.

Za "anali" ndi "adali" sindichedwapo. Onse ndi Achichewa. Mabuku a sukulu amakonda "-da-" pa zinthu zakale, pamene ambiri poyankhula, makamaka m'matauni ndi ku Zambia, amati "-na-". Ine pa mbiri ngati iyi ndimakonda "-da-", chifukwa "-na-" amathanso kunena za dzulodzuloli, ndipo kamvekedwe ka mawu kamene kamasiyanitsa ziwirizi sitikalemba. Chimene mungachonge ndi cholembera chofiira ndi mwana amene wayamba ndi "adabadwa" n'kudzamaliza ndi "anamwalira" m'ndime yomweyo.

Ndikadakhala mwanayo, ndikadalemba chonchi: "Karl von Holtei adali Mjeremani wochita zisudzo komanso mlembi wa masewero wa m'zaka za m'ma 1800, wobadwira ku Breslau. Mkazi wake woyamba atamwalira, adakwatiranso, koma mkazi ameneyunso adamwalira ku Riga mu 1839." Dzinalo alisiye momwe lilili, pamodzi ndi "von" wake wa chilembo chaching'ono. Powerenga pa kalasi mungowauza kuti "v" ameneyo Ajeremani amamutchula ngati "f".