Kodi inshuwalansi ya boma ingathetse kusowa kwa mankhwala?

Funso: Ndine mphunzitsi wopuma pa ntchito. Ndamva anthu akunena kuti dziko lino likufunika inshuwalansi ya zaumoyo ya aliyense, yolipiridwa ndi boma. Chikundizunguza mutu n'chakuti chithandizo m'zipatala za boma n'chaulere kale, ngakhale kuti mwezi watha nditaperekeza mayi a kunyumba, adokotala anangolemba mankhwala a BP m'buku n'kutiuza kuti tikagule kufamase. Kodi inshuwalansiyo ingasinthe chiyani, nanga kuipa kwake n'kotani? Ndine wowerenga wa ku Chinamwali, Zomba.

Yankho: Bambo, zimene munakumana nazozo ndiye phata la nkhani yonse. Papepala chithandizo n'chaulere, koma wodwala amalipirabe kudzera kufamase, pa kabaza, ndiponso pa chakudya cha gadiyani amene wagona pakhonde la wodi, moti mabanja ena amagulitsa mbuzi kapena kutenga katapila pofuna kupulumutsa m'bale wawo.

Inshuwalansi ya aliyense imagwira ntchito ngati thumba la maliro la kumpingo, kumene onse amasonkha akadali bwino kuti wogweredwa zovuta asasenze yekha mtolo. Kusiyana kwake n'kwakuti thumbali ndi la dziko lonse, ndipo boma ndilo limasonkhetsa ndalama n'kumalipira chipatala chilichonse chimene chathandiza wodwala.

Ubwino wake waukulu kwa ife kuno uli pa zipatala za mishoni. Zipatala za m'bungwe la CHAM zimapereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chithandizo m'dziko muno, makamaka kumidzi, koma zimalipiritsa. Taganizirani mlimi wa kufupi ndi Malosa amene mwana wake watentha thupi usiku: chipatala cha St Luke's chili pafupi, koma ngati m'thumba mulibe kanthu amayamba kuwerengera ya minibasi yopita ku Zomba Central, kapena amangodikira kuti mwina kukacha zisintha, ndipo kudikirako ndiko kumasandutsa malungo wamba kukhala matenda a kayakaya. Boma lili kale ndi mapangano ndi zina mwa zipatalazi olipirira amayi oyembekezera ndi ana aang'ono, koma bambo wodwala shuga kapena agogo a BP nthawi zambiri sakhalamo. Pakanakhala thumba limodzi lolipirira aliyense, munthu akanapita kumene kuli pafupi, ndipo mzere wa pachipatala chachikulu ukanachepa. Lero chitetezo chotere ali nacho ndi ochepa, makamaka olembedwa ntchito amene ali pa MASM kapena mabungwe ena otere.

Koma ndikuuzeni mosabisa kuti khadi la inshuwalansi silibala ndalama. Ku Zambia amadula 1 kwacha pa 100 iliyonse ya malipiro a wantchito, bwana n'kuwonjezerapo yofanana nayo. Njira imeneyi ingatole zochepa kwathu kuno, popeza anthu ambiri ndi alimi, asodzi a ku Chilwa ndi amalonda ang'onoang'ono amene salandira malipiro pakutha pa mwezi, kotero kuti mtolo ungagwere aphunzitsi, anamwino ndi apolisi amene akudulidwa kale msonkho wa PAYE. Dziko la Ghana, limene linakhazikitsa lamulo la inshuwalansi yake mu 2003, linasankha kuwonjezera 2.5 pa 100 iliyonse pa msonkho wa katundu, ndipo msonkho wotere umakhudza ngakhale wosauka akamagula zinthu m'sitolo. Ku Rwanda mabanja amasonkha pachaka, boma n'kulipirira osaukitsitsa, koma zimenezi zimafuna kalembera wolongosoka amene sakondera abale a mfumu.

Vuto lachiwiri ndi limene limandidetsa nkhawa kwambiri, ndipo ndi kuchedwa kulipira. Ku Ghana komweko zipatala zakhala zikudandaula kuti thumba la inshuwalansi limatha miyezi lisanabweze ndalama, ndipo zikatero wodwala wa khadi amauzidwanso kuti akagule mankhwala kunja, monga munauzidwira inu. Zipatala za mishoni kuno nazo zadandaulapo kangapo za kuchedwa kwa ndalama za mapangano aja. Ndiye pali nkhani ya kukhulupirika, pakuti amene tikukumbuka Cashgate ya 2013 ndi milandu ya kuba mankhwala a boma tili ndi chifukwa chofunsira kuti thumba lalikulu chotere adzalisunga ndani. Mizere nayo siitha chifukwa cha inshuwalansi, poti ngakhale ku Britain, kumene boma lakhala likulipirira aliyense kuyambira 1948, anthu amadikira miyezi kuti achitidwe opaleshoni.

Maganizo anga ndi akuti thumba limodzi ndi lofunika, koma kuyamba ndi kusindikiza makhadi kungakhale kuwononga ndalama. Mu 2001 maiko a mu Africa analonjeza ku Abuja kuti 15 kwacha pa 100 iliyonse ya bajeti izipita ku zaumoyo, ndipo zaka zambiri dziko lathu silifikapo, pamene gawo lalikulu la ndalama za zaumoyo likuchokerabe kwa abwenzi akunja amene ena mwa iwo ayamba kale kuchepetsa thandizo. Boma liyambe lakweza gawo limeneli, lizilipira Central Medical Stores Trust (bungwe logula ndi kugawa mankhwala m'zipatala za boma) ndi zipatala za CHAM pa nthawi yake, kenaka likulitse mapangano aja kuti afikire odwala BP, shuga ndi okalamba. Aphungu anu akadzabwera ndi nkhani ya inshuwalansiyi, muwafunse kuti ndalama zidzachokera pa msonkho uti, ndiponso kuti lamulo lidzapereka masiku angati oti chipatala chikhale chitalipidwa.